Kamkazi ka m'Galasi la Sikelo

Rosettenville, Joni
13 Febuluwale 1994

Bambo a Zefa,

Moni wa chikondi. Ine ndili bwino, kaya inu ndi mwendowo, kaya mwanayo. Ndinafika. Za m'njira sindilemba, zina ndi zodzanena pakamwa. Achimwene Celestino anandipezera kachipinda kuseri kwa nyumba ya munthu wina, ndipo sabata yatha anandipititsa pa ntchito.

Ntchitoyo ndi ya pamalo opangira masikelo. Mwini wake ndi mzimayi, Dona Filomena, Mpwitikizi wobadwira ku Kelimane, anabwera kuno ali mtsikana. Atamva kuti ndine wa ku Milange anandiyankhula Chipwitikizi, ine nkuyankha ndi changa chija cha kalasi yachinayi, basi ntchito ndapeza. Ndimasesa, ndimaphika tiyi, ndimapukuta magalasi. Musaganize a mawindo. Ndi timagalasi totuwa, kukula ngati bokosi la machesi, mmene mumatuluka manambala akuda, monga pa wotchi ija ya mzungu wogawa ufa ku kampu ya othawa nkhondo. Ntchito ya Dona ndi kujambula manambalawo pa pepala lalikulu asanakawaumbe m'galasi. Ine ndinkayesa nambala imangobadwa choncho. Iye akuti iliyonse imamangidwa ndi timitengo tisanu ndi tiwiri, tinayi toimirira, titatu togona. Tikayaka tonse ndi 8, ngati nyumba ya zipinda ziwiri. Mukachotsa chipupa chapakati yasanduka 0. Inu okonda zomangamanga mukanazikonda.

Bambo a Zefa, mkaka sukuuma. Ndamanga chifuwa ndi nsalu ya kapulana koma pofika masana yunifolomu yanyowa. Mwana akalira mumsewu, ngakhale wa Mzulu, mabere amandilasa. Ndinasiya mwana wa miyezi isanu ndi inayi, Mulungu andikhululukire. Bomba lija likanapanda kukudulani mwendo m'munda mwathu momwe, titangobwerera kumene, bwenzi kuno kuli inu, ine ndili naye kumbuyo.

Ndatumiza marandi 150 kudzera kwa a Gibson a golosale pa Muloza. Musinthe makwacha, mtedza mukagule ku Limbuli, ku vila ya Milange akudulitsa. Phala lisakhale la madzimadzi ndipo nsinjiro zisasowe. Munda wa kumtunda asapondeko munthu mpaka ofukula mabomba atadutsa, ngakhale udzu ukule bwanji.

Za Armanda, uja tinayandikana naye msasa ku kampu, ndavomera azikuthandizani kuphika phala ndi kupita ndi mwana ku sikelo, poti inu simungabereke mwana ndi ndodo kuchoka ku Mongue mpaka ku vila. Ndi munthu wachisoni, mwamuna wake anapita ku Beira osabweranso, kamwana kake chikuku chinatenga mwezi wathawu. Azithandiza masana. Dzuwa likapendeka azipita kwawo.

Ndine wanu,
Rita


24 Epulo 1994

Bambo a Zefa,

Ndayamba ndi moni. Kalata yanu ndaiwerenga mpaka yayamba kung'ambika mopindamo. Ndakondwa kuti bala lauma ndipo ndodo mwaizolowera. Ine thupi lili bwino. Mkaka unauma sabata yatha. Ndinkayesa ndidzasangalala, koma ndinakalira m'chimbudzi cha kuntchito.

Kuno sabata ino akuvota, ndipo m'tauni mukumveka zophulika. Zomwe tinathawa kwathu ndazipezanso. Apolisi akakukayikira amakupinda malaya kuti aone katemera. Wathu wa ku Mozambiki ali m'munsi mwa chigongono, akamuona basi ulowe m'galimoto. Ndikuvala za manja aatali.

Ntchito yasintha pang'ono. Bungwe lina la zaumoyo lapempha masikelo a ana oti akagwire m'zipatala zazing'ono za kwathu, kumene anthu akubwerera. Dona akufuna manambala oti namwino aziwerenga padzuwa, ataimirira, sikelo ili pansi. Ndiye amadula timitengo ta pepala lakuda, kumata pa bolodi, nkunditumiza kumapeto kwa bwalo. Amavundukula kamphindi chabe nkufuula, "Rita, zingati?" Tsiku loyamba ndinaona 7 nkunena 1. Paja kwathu ku shikola, pophunzira kulemba, 7 timamumanga lamba pamimba, uyu analibe. Nditazindikira ndinathamangira kwa iye. Ndinati, "Pepani Dona, maso anga ndi abwino, musandichotse." Iye kuseka mpaka kukhosomola. Akuti, "Mwana iwe, ndikukulipira kuti uzilakwa. Ukalakwa iwe pabwalo pano, namwino sakalakwa ku Zambezia." Lamba akuti sangatheke, ndiye wamuyatsira 7 kamtengo kena kumtunda, ngati mbedza. 6 ndi 9 wawapatsa michira. Iye amakonda manambala opendekeka, akuti ndiwo okongola, koma atapendeketsa ine ndi mlonda tonse tinalakwa, ndiye wawawongola uku akudandaula ngati wamulanda mwana. Tsiku lonse limatha ndi kunenepetsa kamtengo, kuchepetsa mpata, kuyesanso.

Tsopano ndifunse. Kalata yanu ndi ya tsamba limodzi, koma Armanda wadzazamo. Armanda anapita naye ku sikelo. Armanda akuti mano atuluka. Armanda wapeza mbewu ya nandolo. Langa dzina lili pamwamba pokha ndi pa envelopu. Sindikunena kanthu. Ndinawauza achimwene, iwo akuti, "Iwe Rita, alamu anga ndi mwendo umodzi angathamangire mkazi uti?" Ndinati, "Achimwene, nanga mkaziyo miyendo alibe?"

Mwezi uliwonse muzindilembera zimene sikelo yanena, nambala yeniyeniyo ya pa kadi, osati zoti "ali bwino". Ndatumiza kajuzi kofiira. Mumuveke inu ndi manja anu.

Mkazi wanu,
Rita


19 Juni 1994

Bambo a Zefa,

Ndikhulupirira muli moyo nonse. Ine ndili ndi chifuwa pang'ono, kuno kukuzizira koti madzi amauma m'mpopi. 8,1 ndaiona, zikomo. Ndaimanga ndi timitengo ta machesi pawindo langa, ndimaiona ndikamadzuka.

Sikelo ija yayamba kuoneka. Si ngati yathu yopachika mumtengo, mwana ali m'kabudula akulira, muvi ukuvina. Iyi ndi yopondapo. Mayi amakwera yekha, namwino nkudina batani ndi chala cha kuphazi, kulemera konse kwa mayiyo nkufafanizika. Kenako amamupatsira mwana m'manja, galasi nkuonetsa kulemera kwa mwana yekha. Anayesera ine. Ndinakwera, inalemba 49,5. Dona anadina, ndinasanduka 0,0 ndili chiimire pomwepo. Ndinafunsa, "Nanga akakwera amene si mayi wake?" Akuti, "Sikelo siifunsa zimenezo. Aliyense, bola aime phee." Mawu amenewo sanandichoke m'mutu mpaka lero.

Pakona pa galasi Dona waika kamkazi, kuti ngakhale wosadziwa kuwerenga aone chochita. Ndi zidutswa ziwiri. Kamkazi kamayaka koyamba, kamwana kamayaka nthawi yopatsira mwana ikakwana. Ndiye mukudziwa anajambula ndani? Anandiimika cham'mbali pakhoma, nditanyamula thumba la shuga, mmawa wonse. Ndinati, "Dona, kwathu mwana amakhala kumbuyo, kutsogolo ndi kwa nkhuni." Akuti, "Pa sikelo yanga akhala kutsogolo, namwino sangamange kapulana mwana aliyense, mzere ungafike ku Malawi." Ndinagonja. Koma duku anasiya mmene ndimamangira, mfundo cham'mbali ngati khutu la mbuzi. Akuti ndi yokhayo ikuonetsa kuti ndi munthu osati botolo. Pakati pa manambala waikapo kadontho ka mchira, virigula, poti anamwino athu ndi mmene amalembera. Pepala lapita kutsidya la nyanja kukaumbidwa. Akuti galasi likaumbidwa silisinthika, ndikhala mmenemo mpaka kalekale. Thumba la shuga lija ndinachedwa kulitsitsa.

Mwati nyumba yafika pa mitanda ndipo ndi ya zipinda ziwiri. Ife tinapangana chimodzi, china tidzaonjezera ndikabwera ndi za malata. Chachiwiricho ncha yani? Zefa sanafike pogona yekha. Ndipo udzu wofolera wakumwetani ndani? Kumbukirani kuti malowo ndi a malemu mayi anga, inu munabwerapo chikamwini. Sindikukunyozani, ndikungokumbutsa.

Mwini nyumba kuno wayamba kugogoda nthawi zosayenera. Akuti akudziwa kuti ndilibe mapepala. Ndimagona tebulo lili pachitseko. Achimwene sindinawauze, angachite zoopsa. Ine ndikudzisunga, bambo a Zefa, chifukwa cha mwanayo, ndipo Mulungu yekha akudziwa kuvuta kwake. Inunso.

Marandi 200 ali kwa a Gibson. Zitseko mugule chimodzi chokha.

Rita


25 Seputembala 1994

Bambo a Zefa,

Moni. Ndili bwino. Ndinasamuka, ndikugona ndi amayi awiri a ku Chokwe kuseri kwa tchalitchi, ndiye makalata muzilembera pa adiresi ya kuntchito.

Mwalemba mokondwa kuti sikelo inafika ku chipatala cha ku vila. Ndinachita kumugwadira Dona kuti mwa khumi oyambirira imodzi ipite ku Milange. Mwati amayi a kwathu ataunjikana nkuona kamkazi kaja anakuwa, "Rita uyo! Duku lake lomwe!" mpaka namwino anawathamangitsa. Ndinaseka powerenga. Kenako ndinafika poti "Armanda anakwerapo, nkumupatsira Zefa, inalemba 8,9." Kuseka kunathera pomwepo.

Ndiye kuti ine ndinaima pakhoma mmawa wonse ndi thumba la shuga kuti mkazi wina adzaime ndi mwana wanga, ine ndili kunsi kwa mapazi ake ndikuyang'ana? Ndikudziwa, inu simungaime pa sikelo. Ndikudziwa ndinavomera ndekha. Koma mtima sudziwa zimenezo.

Agnes, mkazi wa a Gibson, anabwera kuno kudzaoda katundu, ndi amene atenge kalatayi. Sindinamufunse kanthu, anayamba yekha. Akuti, "Mwana wako ndi wonenepa bwanji, asisi! Ine ndinkayesa ndi wa Armanda, mmene amamukakamirira pakhosi." Akuti amamuitana kuti "ama". Akutinso mmawa wina anadutsa kwathu m'bandakucha pa njinga, anapeza Armanda akusesa pabwalo, kapulana ili m'khwapa. Munthu wochokera kwawo amafika m'bandakucha atavala choncho? Chipinda chachiwiri chija ndachidziwa mwini wake.

Bambo a Zefa, ine ndinakusenzani pamachira a nsungwi kuchoka kumunda, magazi anu ali m'khosi mwanga. Ndinayenda pansi usiku m'nkhalango ya mikango kudzafuna ndalama ya mwendo wanu wachitsulo. Ndiuzeni zoona. Ngati mwandilowetsera mnzanga m'nyumba nenani, achimwene alembere akuluakulu, tidziwe chochita. Koma musandibisire, pali mwana wamng'ono, ndipo mukudziwa chimene chimagwera mwana makolo akapanda kudzisunga.

Muzimuphunzitsa kuti ameneyo ndi azakhali. "Ama" ali ku Joni.

Feteleza musagule wa m'mabotolo pa msika, amasakaniza ndi mchenga. Za chisankho cha kwathu mwezi wamawa, kavoteni nkubwerera, musaime m'magulu.

Rita


4 Disembala 1994

Yonasi,

Moni ndilibe. Kalata yanu yafika dzulo. Okutobala inali 9,2. Lero mukundiuza 8,6, mukuti akutsegula m'mimba ndi madzi a mvula yoyamba, ndipo chimanga chatha m'nkhokwe. Ndakhala pawindo ndikusuntha timachesi. Mwana amakwera. Mwana satsika.

Ndinathamangira kwa Dona, ndinati mwina galasi lafa kamtengo kamodzi. Akuti ayi, ndi chifukwa chake poyatsa imayamba yaonetsa 88,8, kuti namwino aone ngati timitengo tonse tili moyo. Akuti, "Rita, sikelo yanga sinama. Ana amatsika akadwala, uwauze amupatse madzi a mchere ndi shuga." Dona ndi munthu wabwino koma zakwathu sazidziwa. Anachokako akadali wa madiresi aafupi.

Ine ndikudziwa. Ndi tsempho. Ndinaliona ku kampu ndi maso angawa, mwana wa mayi uja wogulitsa zitumbuwa. Bambo wake ankayenda ndi mkazi wina, nkumabwera kudzamunyamula, mkaziyo nkumathira mchere m'ndiwo. Anayamba chomwechi, kuwonda, kutsegula, kenako kutupa, kenako tinakamuika kuseri kwa mipanda. Za chipinda chija simunandiyankhe. Mwalemba za mvula, za mbewa, za njinga ya akatekisiti, funso langa mwalidumpha ngati dzenje. Wosalakwa sadumpha.

Mverani tsono. Armanda achoke pakhomo panga tsiku lomwe kalatayi ifike. Asamugwire Zefa. Asathire mchere m'chakudya chake. Asamubereke, asakwere naye pa sikelo, ngakhale kumuyang'ana ayi. Mukapanda kutero ndiwauza achimwene, paja mbumba ndi yawo, adzabwera kudzatenga mwana, inu mudzaona kolowera ndi ndodo yanuyo. Pitani kwa amayi akuluakulu a kumudzi mukaulule, akupatseni mankhwala omusambitsa.

Ndatumiza zonse zimene ndinasunga za mwendo, marandi 400. Gulani ufa ndi mtedza. Phala muphike nokha, manja muli nawo awiri.

Rita


5 Febuluwale 1995

Bambo a Zefa,

Agnes wandipatsa kalata yanu lero ku sitolo yooda. Ndikulemba nditakhala pa katoni yake, basi yake inyamuka madzulo ano, musadabwe ndi zilembo.

Mwati munamvera. Armanda anachoka tsiku lotsatira Khirisimasi, anapita kwa azakhali ake ku Molumbo. Zefa analira masiku ambiri, kenako anasiya kulira, nkusiyanso kudya. Munalipira njinga mpaka ku vila, munayesa kuima pa sikelo ndi mwendo umodzi, manambala ankangovina osakhazikika, mpaka namwino anakwerapo yekha. Inalemba 8,8. Ndipo mwati ndisakondwere, si mnofu, ndi madzi. Mapazi atupa, tsitsi lafiira. Amugoneka.

Nditawerenga za kutupa ndinati si izi, ndinanena ine. Kenako ndinatembenuza tsamba.

Yonasi, chaka chathunthu! Chaka chathunthu Armanda akumuyamwitsa mwana wanga inu osandiuza! Mwati nditangochoka Zefa anakana phala, sabata yachiwiri anali ngati kambalame, Armanda mkaka wa malemu mwana wake unali usanaume, anamuika pabere usiku wina inu mukulira panja. Mwati chipinda chachiwiri munamangira zimenezo, poti mwana amadzuka usiku kufuna bere. Mwati munaopa kundiuza chifukwa mumandidziwa. Inde mumandidziwa. Ndikanakuwa mpaka a ku Mongue akanamva. Koma ndikanakuwa nkusiya mwana pabere. Munandibisira chinthu choti ndikuwe, ine nkuganiza chinthu choti ndithamangitse munthu.

Pawindo panga timachesi tija ndinamata pa katoni, mwezi ndi mwezi. 8,1. 8,5. 8,9. 9,2. Amayi anandiphunzitsa kuti woyamwitsa akagona ndi mwamuna mosayenera mkaka umatentha, mwana sachedwa kufooka. Miyezi yonseyo Zefa ankakwera. Ndiye mkakawo unali wozizira. Ndinali nazo pamaso panga, ndimazipukuta fumbi mmawa uliwonse.

Ndinamuchotsa pabere kawiri mwana mmodzi. Koyamba ndi njala, kachiwiri ndi cholembera.

Musataye nthawi kundiyankha. Kalata inayo ndi ya Armanda. A Gibson apeze wa njinga wamphamvu apite nayo ku Molumbo tsiku lomwelo, msewu uipe bwanji, ndipo abwerere naye pa kaliyala. Agnes ndamupatsa wotchi yanga ndi nsapato zatsopano akhale malipiro. Inu musachoke pa bedi la mwana. Chilichonse anene namwino chitani.

Ndinafuna kukwera basi yomweyi. Agnes akuti, "Ukapita ukamupatsa chiyani, misozi? Mabere ako ndi zikwama zopanda kanthu. Khala, uzitumiza." Ndamutukwana mumtima koma wanena zoona.

Rita


5 Febuluwale 1995

Kwa Armanda, ku Molumbo.

Amene mukumuwerengera kalatayi, werengani zonse, musadumphe pena pofuna kundikometsa.

Armanda, ndine Rita, make Zefa. Moni ndikupatsani ngakhale mukhoza kuukana. Zefa ali m'chipatala ku vila, watupa mapazi, sakudya. Ndadziwa lero kuti amene ankamusunga ndi moyo ndi bere lanu. Ndine ndinalamula kuti muchoke. Si Yonasi, iye anangoopa kulandidwa mwana. Ndinakutchulani zoipa pamaso pa mudzi, inu amene tinkagawana chidebe chimodzi pa mzere wa madzi ku kampu. Mlanduwo ndidzabwera kudzaugwadira pabwalo, ndi nkhuku, pamaso pa onse amene anamva. Koma mwanayo sangadikire nkhuku.

Wanga mkaka unauma patapita miyezi iwiri ndi theka, ndipo ndinkachita kumanga. Inu simunakwanitse iwiri. Mwina ukadalipo pang'ono. Ndafunsa amayi amene ndimagona nawo, akuti mwana akamayamwa umabwerera, bola mayiyo adye. Agnes ali ndi ndalama ya chakudya chanu, chanu inuyo, osati cha pakhomo. Idyani mtedza, imwani thobwa, musagawire munthu.

Sindinama kuti mtima wanga wayera. Ndikaganiza kamwa lake lili pa bere lanu zimandiwotcha ngati khala. Inu munaona dzino lake loyamba. Munamuona akuima. Ine ndinaona thumba la shuga. Ndikuchitirani nsanje, Armanda, ndipo mwina ndidzafa nayo. Koma kwerani njingayo.

Sikelo ija mwaiona mmene imachitira. Mkazi amakwera, amamudina, amasanduka 0,0. Tsiku limene anandiyesera ndinadana nayo. Lero ndikuti inapangidwa bwino. Kwerani inu, akudineni monga anandidinira ine, tione za mwana.

Chipinda chachiwiri ndi chanu. Ndauza Yonasi agule chitseko.

Ine,
Rita


2 Epulo 1995

Achemwali Armanda,

Moni kwa inu, kwa mwana, ndi kwa bambo ake. Ine ndili bwino, ndayambanso kudya.

Mawu amene munauza akatekisiti kuti andilembere ndamva. Mwati simunabwerere ine, munabwerera Zefa, ndipo nkhuku ikhale tambala osati kamsoti. Ndavomera. Mwati mkaka unabwerera pang'onopang'ono, sabata yoyamba madontho okha, anamwino nkumathandiza ndi mkaka wawo wa m'kapu. Madzi a m'thupi ataphwa sikelo inatsika mpaka 8,0, ine kuno kugona ayi, koma Dona anati ndi mmene zimayendera, tsopano ndiye mwana weniweni akuoneka. Lero mwandilembera 8,7. Ndinakuwa pakati pa ntchito. Dona anaiona nambalayo nkunena kuti, "Waona 7 wanga? Palibe amene wawerenga 1." Munthu ameneyu!

Tayamba kujambula galasi lina, la sikelo za m'misika. Ilo mulibe kamkazi, manambala okhaokha. Dona akuyesa kundipezera pepala loti ndizidutsa pa chipata cha malire ngati munthu. Likatheka ndibwera Ogasiti, likakanika ndibwerabe.

Ndatumiza makapulana awiri ofanana, a maluwa achikasu. Imodzi yanu, inayo mundisungire. Nsapato za Zefa ndagula mongoyerekeza, zikakula muike nsanza kutsogolo. Yonasi mumuuze ndamva kuti akunenepa. Mwana yekha ndiye ndinakupemphani kunenepetsa. Ndikuseka, achemwali. Pang'ono.

Chinthu chimodzi ndikupempha. Mwati amakuitanani "ama" ndipo simungamuletse, akadali wofooka. Musamuletse. Koma tsiku la sikelo, namwino asanadine, mumutsitse pansi aone pakona pa galasi. Mumulozere kamkazi ka duku la khutu la mbuzi. Mumuuze kuti uyo ndi Rita, ali ku Joni, akubwera. Musanene zambiri, dzina lokhalo. Kuti tsiku limene ndidzatsike njinga pabwalo, nditamanga duku langa, asadzathawire kumbuyo kwanu msangamsanga. Ayambe wandiyang'ana kaye.

Ndine mng'ono wanu,
Rita, make Zefa